Ndinanamizira Chitseko

Okonza pulogalamu, pali chinthu chimene ndakhala ndikuwabisira amuna anga chaka chathunthu.

Ndimakhala ku Chipoka, ndipo ndimatayipira anthu makalata pakompyuta kunyumba. Nditabereka pa opareshoni, msana sunkandilola kukhalitsa pampando. Amuna anga anandipezera kathebulo kachitsulo kosanjika pathebulo, kokweza ndi kutsitsa kompyuta, kuti ndizitha kutayipa choimirira. Anangondichenjeza kuti, "Amake mwana, zitsulo zanuzi zikadzavulaza mwanayu, ntchito idzathere pomwepo."

Tsiku lina iwo ali ku Mbenji kokagula nsomba, ndinatopa kuimirira mwana ali m'manja. Ndinatsitsa kathebuloko maso ali pa kalata, ndipo kanapana chala cha mwanayo. Kulira kuja ndimakumvabe.

Kuchipatala ndinanena kuti ndi chitseko. Bambo ake atabwera, ndinabwereza bodza lomwelo. Anazula chitseko cha kuchipinda n'kupachikapo nsalu.

Chalacho chinapola chopindika. Masiku ano ndikangogwira kathebuloko, mwanayo amabisa dzanja kumbuyo. Bambo ake amaseka amvekere, "Ameneyu adzakhala waulesi, akuopa ntchito!"

Setifiketi yanga yakukoleji sinandipezere ntchito ina kupatula imeneyi. Omvera anzanga, kodi ndinachita bwino kukhala chete? Nanga mwanayu akadzayamba kulankhula?