Dzenje la Miyala la a Ezara

Okondedwa omvera, sendezani mpando, nazi zilengezo zanu za masana ano. Zonse zachokera ku Dedza, ndipo zikuoneka ngati zakwera minibasi imodzi.

Mayi Victoria Ngozo a m'mudzi mwa Chinkhwangwa, kufupi ndi Mayani, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo, a Kenan Kadammanja, anachoka pakhomo pa 9 Okutobala ndipo mpaka lero sanabwerere. Ndi aatali, ofatsa, ndipo sasiyana ndi khasu. Chinawachotsa ndi manyazi. Pofuna kuonetsa kuti pakhomo pabwera mkamwini wolimbika, anakwirira dzenje la miyala lomwe linali kuseri kwa nyumba ya apongozi awo, poliyesa phanga la njoka, madzi a padenga n'kuwakumbira ngalande yopita kumsewu. Chaka chotsatira chitsime cha pakhomo chinaphwa, pakamwa pa anthu ndiye panasefukira. Mayi Victoria akuti awasowa kwambiri, ndipo mwana wayamba kuyenda bambo wake kulibe. Chilengezochi chachokera kwa mayi Victoria Ngozo.

Mayi Anjelina Ngozo, amayi awo a Victoria, akudziwitsa mkamwini wawo a Kenan kuti chitsime chadzaza. Dzenje lija, akuti, analikumba a Ezara, agogo awo a mayi Anjelina, m'chaka cha 1913, kuti madzi a mvula otsika padenga azilowa pansi n'kumakamwetsa chitsime. Anthu ankawaseka kuti akuika madzi m'manda, iwo n'kumati chitsime nachonso chimamva ludzu. Mu Novembala analifukula dzenjelo n'kubwezeramo miyala ndi mchenga, mvula yachita mbali yake. Mawu awo ndi awa: "Ndinkaona akukwirira, ine ndili pakhonde. Koma mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye ndinangotsokomola. Iwo anayesa chimfine. Mlanduwu tigawane, abwere." Mayiwa adzera kuno chifukwa wailesi ilibe apongozi. Chilengezochi chachokera kwa mayi Anjelina Ngozo.

A Alufeo Chadzunda, mkulu wa mpingo pa Chinkhwangwa, akudziwitsa akhristu onse ndi anansi a midzi yozungulira kuti Loweruka pa 12 Epulo, nthawi ya 7 koloko m'mawa, padzakhala ntchito yokumba dzenje ngati lomweli kuseri kwa tchalitchi. Malata atsopano aja akungotayira madzi m'munda mwa eni. Mubwere ndi makasu, mapiki ndi miyala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo odzangoonerera akhale kwawo. Chilengezochi chachokera kwa a Alufeo Chadzunda.

Chomaliza ndi yankho, pakuti zilengezo zitatuzi tinaziwerenganso dzulo. A Kenan Kadammanja, amene ali pa Chimbiya kumene akuthandiza kugulitsa mbatatesi, akudziwitsa akazi awo, apongozi awo ndi abale onse kuti ali moyo, amva, ndipo mtima wawo wakhala pansi. Afika Lachisanu pa 11 Epulo kuti Loweruka adzagwire nawo khasu. Akupempha wokhala ndi ngolo akawachingamire pa Mayani, chifukwa katundu wawo ndi wolemera: matumba asanu a miyala, yomwe akhala akutola chichokereni kumudzi. Kwa apongozi awo akuti: "Akadzandiona ndikulakwitsanso, asadzatsokomole. Adzatume a Victoria."

Chilengezochi chachokera kwa a Kenan Kadammanja, mkamwini wa pa Chinkhwangwa.