Dzanja Limene Linamva Likhweru la Ng'ombe

Moni abale mwa Ambuye. Ine sindidziwa kukometsa mawu, ndingonena zimene zinachitika.

Bambo anga anagwa pangolo akuchokera kumunda kwathu ku Kabudula, mutu n'kumenya pamwala. Tinafika nawo kuchipatala akupuma, koma osayankhula, osatsegula maso. Ine ndi bambowa sitinkamvana. Ndi iwo ananditulutsa sukulu ndili Fomu 2 kuti ndiziweta ng'ombe zawo, Bantomu ndi Chikasu. Anzanga akulemba mayeso, ine ndili kudambo ndi chikwapu.

Achibale anazungulira bedi, kumangonong'ona ngati maliro achitika kale. Azakhali anali atayamba kufunsa za amene adzasunge ng'ombe. Namwino wina wachikulire anabwera, anawaunika bambo m'maso ndi tochi, kenako anawatsina chala. Zii.

"Mukuwapwetekeranji odwala?" ndinafunsa mwaukali.

"Sindikuwapweteka, achimwene. Ndikuwapatsa sitimulasi."

Anati mawuwa amatanthauza chilichonse chimene chimachititsa thupi kuyankha, kaya kuwala, fungo, phokoso kapena ululu. Ukakhudza mbaula yamoto, kutenthako ndiye sitimulasi, kubweza dzanja ndilo yankho. Ndinakumbukira kuti tinaphunzira mawuwa m'Bayoloje teremu imene ndinasiya sukulu.

"Inu mwangoti duu ngati kumanda," anatero namwinoyo. "Ayankhuleni. Apatseni chimene makutu awo anachizolowera."

Amayi anaimba nyimbo ya kutchalitchi, sizinathandize. Akuluampingo anawerenga Salimo, chimodzimodzi. Masiku anapita, chakudya chikulowa ndi kapaipi. Tsiku lina masana ndinakaima kuseri kwa wodi, ndipo pemphero langa silinali lokoma. Ndinati, "Mulungu, munthuyu ndili naye nkhani. Musamutenge tisanakambirane."

Pobwerera ndinadzifunsa kuti moyo wawo wonse bambowa amatchera khutu kwa ndani. Si amayi, si ine. Ng'ombe basi. Ndinawerama pakhutu pawo, ndinaimba likhweru lija amaimba polima, n'kukuwa, "Bantomu, mumzere!"

"Iwe, ulemu ulibe eti?" anandikalipira azakhali.

Namwino uja anangoloza dzanja la bambo. Zala za bambo zinali zitafumbata nsalu ya pabedi, n'kumaikoka monga amakokera chingwe.

Sanadzuke tsiku lomwelo. Anachira pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero amakoka mwendo wakumanzere. Mawu awo oyamba sanali dzina langa. Anafunsa ngati ng'ombe zamwa madzi. Zinandiwawa, koma ndinawayankha kuti zamwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, n'kutitumizira namwino uja. Inu amene mukudwazika, musafulumire kunong'ona, pitirizani kuitana. Nkhani ija tinakambirana pakhonde atatuluka m'chipatala. Sukulu yanga sinabwerere. Koma ndinanena zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba bambo anandimvera mpaka ndinamaliza.