Dothi la ku Namacurra

Lachisanu m'mawa pa siteji ya Limbuli, mkulu wina wogulitsa mipini ya makasu ankayang'anitsitsa bambo wachinyamata amene amadikira minibasi ali ndi chikwama chachikulu.

"Kwagwa zovuta, achimwene?"

"Ayi madala, kokasangalala ndi anzanga. Ku Zalala, kunyanja ya mchere, kupitirira Quelimane. Tibwerako Lamulungu."

"Lamulungu lomweli? Ife pothawa nkhondo njira imeneyo inatidyera mwezi wathunthu. Mukadutsa pa Namacurra?"

"Akuti msewu ndi womwewo."

"Ndiye mukanditapireko dothi, lodzaza dzanja limodzi basi. Mkazi wanga Nilza anatsalira pamenepo tikuthawa, ndinamuika ndekha m'mbali mwa msewu. Ine miyendo yatha, mapepala odutsira malire ndilibe. Ndikufuna tsiku langalo adzalithire m'manda mwanga, tidzagone pamodzi."

"Pepani kwambiri. Koma galimoto si yanga, ndipo anzangawo akayamba kumwa samva za kuima. Bwanji ndikakujambulireni malowo pa foni?"

"Chithunzi sachithira m'manda."

"Chabwino, ndikawachonderera. Lolemba ndidzakupezani pompano."

"Winanso ananena choncho chaka chatha, wa tayi ngati m'busa. Anabwera ndi kajumbo, n'kundipatsa ndi manja awiri. Linali dothi la pa Muloza pomwepa."

"Aa, madala, dothi ndi dothi. Munalizindikira bwanji?"

Mkuluyo anasanjika bwino mipini yake, kenaka anatambasula zikhatho.

"Khasu tinalisiya kumudzi, achimwene. Manda amenewo ndinakumba ndi manja awa."