Pansi pa Mandimu Pakadali Ponyowa

Malemu agogo athu, amene ambiri a inu munkawatchula kuti Agogo a Ndowa, anabadwa pa 9 Ogasiti 1941 m'tauni yathu yomwe ino, m'kanyumba ka kuseri kwa siteshoni ya sitima komwe lero amasungirako matumba a simenti. Anali achiwiri m'banja la ana atatu, ndipo abale awo onse anatsogola kalekale. Ine ndaima pano ndine mdzukulu wawo woyamba, ndipo banja landisenzetsa ntchito imeneyi ponena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndikuuzeniretu, anamalira, kuti kumapeto kwa mbiri ino ndiyenera kutchula ana amene malemu asiya ali moyo, ndipo kufikira dzulo banja linali lisanagwirizane ngati anawo ali anayi kapena asanu. Mundilezere mtima, mbiri yomweyi itifikitsa pamenepo.

Anayamba sukulu m'chaka cha 1949 pa pulayimale ya kumusi kwa msika, ndipo analekezera m'kalasi lachisanu m'chaka cha 1954 chifukwa mayi awo anadwala miyendo. Eni ake ankaseka n'kumati masamu anawakana, koma munda wa sukulu unawalola.

M'chaka cha 1960 anamanga banja ndi malemu agogo athu aamuna, amene ankagwira ntchito yosintha njanji pasiteshoni. Akuti atafunsidwa mphatso yomwe akufuna, anzawo akulota mphete ndi nsapato, iwo anapempha ndowa yachitsulo. Ndowayo ndi yomwe ija mumaidziwa. Bambo wokhoma zidebe pamsika anaiika zigamba kambirimbiri, moti pa ndowa yoyamba chinatsala ndi chogwirira chokha, chomwe chimalira kwii, kwii, munthu akamayenda nayo. Ambiri mumsewu uno simunagulepo wotchi yodzutsa chifukwa cha phokoso limenelo.

Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Mwana aliyense akabadwa, agogo ankamubzalira mtengo kuseri kwa nyumba. Amalume aakulu wawo ndi mango, mayi anga wawo ndi malalanje, ndipo mwana wotsiriza anamubzalira mandimu pakona, pafupi ndi mpanda. Amuna awo anawabzalira mapeyala. Zidzukulu titayamba kubwera, mundawo unadzadza mpaka ena anagwera mitengo ya mapapaya, n'kumadandaula kuti agogo amakondera. M'bandakucha uliwonse ankazungulira ndi ndowa, kuthira madzi mozungulira tsinde lililonse, akutchula dzina la mwini wake chapansipansi. Ngakhale nthawi ya mvula ankathirabe kapu imodzi, ati mvula ndi ya aliyense koma kapu ndi ya mwana wawo. Pakhomo la khitchini panalinso kamtengo ka mapichesi kosakula msinkhu. Tikafunsa kuti n'ka ndani, ankangoti n'ka munthu wina wosavuta.

M'chaka cha 1972 analembedwa ntchito ku nazale ya mitengo ya khonsolo, komwe anagwira kufikira atapuma m'chaka cha 1998. Mthunzi umene mumakhalapo podikira basi ndi wa manja awo, chimodzimodzi mitengo ya pachipatala ndi ya mumsewu waukulu. Sitima zitaleka kuima pasiteshoni, masitolo n'kuyamba kutsekedwa, anthu anasamuka mabanjamabanja, koma iwo anakana. Ana awo anawamangira chipinda chabwino mumzinda, koma sanathe n'sabata yomwe. Anabwerera atanyamula kachikwama kawo, ati mumzinda anthu amakudutsa ngati chitsa, pomwe kuno ukayetsemula kusiteshoni, wokufunira moyo ali kuchipatala.

Tsopano ndifike pa zimene ambiri mwakhala mukunong'onezana. M'chaka cha 1989 agogo aamuna anatumizidwa kukagwirizira ntchito pasiteshoni ina yakutali. Tsiku lina m'mawa agogo anathirira mitengo yonse, koma pa mapeyala anangodutsa. Mayi anga, poyesa kuti aiwala, anawakumbutsa. Iwo anayankha osatembenuka kuti awasiye apumule, ludzu lawathera. Dzuwa lili pamutu, mkulu wa pasiteshoni anafika pakhomo chipewa chili m'manja, kudzanena za maliro a agogo aamuna. Mapeyalawo sanathiriridwenso. Sanafe, alipo mpaka lero, koma ndowa sinaimenso pamenepo.

Ndikudziwa kuti ena anawanena zambiri, ndipo zinawapweteka. Agogo sanali amatsenga, sanalandirepo munthu wofuna kudziwa za mawa, ndipo mapemphero sankajomba. Ankati iwo sadziwa kanthu, koma ndowa imangolemera ndipo mkono umakana kupendeka.

M'chaka cha 1996, mwana wawo wotsiriza, amene tinkawatchula kuti amalume a mawayilesi chifukwa ankakonza mawayilesi pakhonde la sitolo yaikulu, anakwera basi ya m'mawa kukagula zipangizo za ntchito yawo. Anasiya wayilesi ya munthu ili yotsegula pabenchi, tizitsulo tili m'kambale, akuti amaliza akabwera. Sanabwere. Banja linafufuza kupolisi, m'zipatala, m'ndende ndi m'nyumba zachisoni. Uthenga wowafuna unaulutsidwa, ndipo anthu anaumvera pa mawayilesi omwe iwo eni anakonza. Anasiya akazi awo ali oyembekezera. Mwana amene anabadwa ndi msuweni wanga wakhala kumutu kwa bokosiyo, mayi wa ana awiri tsopano, amene nkhope ya bambo ake amaidziwira pachithunzi.

M'chaka cha 2003 agogo anadutsanso pa mtengo wa magwafa osathira. Unali wa amayi aang'ono, namwino, amene ankakhala kutali ndipo sitinamve n'komwe kuti akudwala. Lamya inalira tisanamalize kumwa tiyi. Kuyambira pamenepo tonse tinagwidwa ndi kachizolowezi kochititsa manyazi. Tikabwera kudzacheza, tinkayamba tazemba kuseri kukagwira dothi la pansi pa mtengo wathu, moni pambuyo. Ngakhale amalume aakulu, amene ndi mkulu wa mpingo ndipo ankati zonsezi n'zongochitika mwangozi, ndinawapezapo atawerama pansi pa mango awo, akunamizira kumanga chingwe cha nsapato. Nsapatozo zinali zopanda zingwe.

Koma pa mandimu ndowa sinadutsepo n'tsiku limodzi lomwe. M'chaka cha 2006 banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti tichite mapemphero owakumbukira amalume a mawayilesi, ndi kulemba dzina lawo pamwala wa pamanda a bambo awo. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto osadula munthu mawu. Kenako anatitengera tonse kuseri, anatunga madzi, n'kuwathira pa mandimu ife tikuona. Anatiuza kuti tsiku limene ndowa idzakane pamenepo adzatiuza okha, ndipo adzalira kuposa tonsefe, koma mwana wawo asamuike m'manda akadamwa madzi. Dzinalo silinalembedwe.

Malemu anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi m'chaka cha 2022, komabe ndowa sanaisiyire munthu. Pa 28 Sepitembala chaka chino anagwa m'munda, ndipo titathamangira nawo kuchipatala, madokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafooka, pakamwa panatsekeka. Anagonekedwa pabedi la pafupi ndi windo. Namwino wa m'wodimo anatifunsa ntchito yomwe agogo ankagwira, chifukwa m'bandakucha uliwonse dzanja lawo lamanzere linkadzuka pang'ono pabulangete, kupendeka, kubwerera, kupendekanso, milomo ikugwedezeka, kwa kanthawi ndithu, kenako n'kugona.

Mayi anga ndi amene anadzipereka kuti azithirira mitengo. M'mawa woyamba anapeza ntchito yagwiridwa kale. Tsinde lililonse linali ndi mkombero wonyowa monga mwa kathiridwe ka agogo, ndowa yavundikiridwa pamalo pake, m'kati mwake muli madontho. Mukudziwa nonse kuti mvula sinagwe. Anayesa kuti ndi atelala oyandikana nafe, ndipo anapita kukathokoza. Atelala anadabwa. Anati iwo anamva chogwirira chikulira kuseri kwa mpanda, kwii, kwii, n'kuyesa kuti agogo atulutsidwa m'chipatala, mpaka anapereka moni, koma woyankha panalibe. Ndinaona ndi maso anga mikombero imeneyo. Tinafunsana tonse, mdzukulu ndi mdzukulu, ndipo palibe anavomera. Zinapitirira choncho masiku onse agogo ali m'chipatala. Mapeyala ndi magwafa zinali zouma. Mandimu anali onyowa.

Pa 17 Okutobala, mayi anga anatuluka pakhomo la khitchini n'kupeza pansi pa kamtengo ka mapichesi pali gwa, pomwe mitengo ina yonse yamwa. Apo ndi pamene tinamudziwa munthu wosavuta uja. Sanadikire lamya. Anavala nsapato n'kuyamba ulendo wa kuchipatala, ndipo anakumana ndi namwino pakhomo la wodi akubwera kudzatiimbira. Malemu anatisiya m'mawa umenewo ali ndi zaka 83.

Dzulo masana, pokonza mbiri ino, mkangano unabuka. Amalume aakulu anati tinene anayi, chifukwa zaka zapita zambiri ndipo munthu sanama pamaso pa bokosi. Anati wothirira wapita, tsono tileke kumuzunza mwana wa mng'ono wawo ndi chiyembekezo chopanda mutu. Musawaweruze, ndi iwo amene anayenda m'nyumba zachisoni kuvundukula nsalu pankhope za anthu osawadziwa. Mayi anga anati asanu, apo ayi mbiri isawerengedwe. Mapeto ake amalume anatseka mpopi, anakhoma loko pachitseko cha kumunda, anatsekera ndowa kumbuyo kwa galimoto yawo, makiyi onse n'kuika m'thumba. Anati m'mawa tikaone limodzi, ndipo chimene tikapeze ndi chomwe chinenedwe.

Lero kutacha tinapita. Loko anali wokhoma monga anamusiyira. Pansi pa mango panali ponyowa, pansi pa malalanje chimodzimodzi, mpaka timapapaya ta zidzukulu. Mapeyala, magwafa ndi mapichesi zinali zouma. Kunatsala kukona. Msuweni wanga ndi amene anapita yekha. Anagwada pansi pa mandimu, anakhalitsa, kenako anabwerera n'kutambasula manja pamaso pa amalume. Anali matope okhaokha. Amalume anapita kukatsegula kumbuyo kwa galimoto. Ndowa inali momwemo, ikudontha. Munthu wamkulu uja anakhala pansi pafumbi ndi suti yake, n'kundiuza kuti ndiwerenge asanu.

Amene akuthirira sindikumudziwa, ndipo sindinaime pano kuti ndimasulire. Abusa anena mbali yawo. Ine ndanena zomwe manja athu agwira.

Choncho malemu asiya ana asanu ali moyo: amalume aakulu, mayi anga, amayi aang'ono a kusitolo ya nsalu, amalume oyendetsa lole, ndi amalume a mawayilesi, amene sanathe kufika pamaliro ano. Asiyanso zidzukulu 17 ndi zidzukulutudzi 9. Amalume a mawayilesi, ngati mawu awa angakupezeni kumene muli, palibe amene adzakufunseni mafunso. Wayilesi ija ikadali m'kabati, tizitsulo take tili m'kambale, ndipo mwana wanu ali ndi ana awiri oti muwanyamule.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino a pachipatala chathu, abusa ndi amayi a kumpingo amene sanatisiye tokha, anzawo akale a ku nazale amene abweretsa maluwa, atelala ndi onse a mumsewu uno, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu. Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Tikupemphani chinthu chimodzi, kuti pobalalika musalowe kumunda. Amene muli ndi mitengo kumeneko, tagwira kale dothi m'malo mwanu, ndipo nonse mwamwa.

Mzimu wa agogo athu uuse mumtendere, manja awo apumule. Mawu anga akanathera pamenepa, koma msuweni wanga, amene sanasambebe m'manja, wandipempha kuti ndiwonjezere ake. Akuti: agogo, pumulani ndithu, mitengo inayi tithirira tokha, koma mandimu okha musawaleke mpaka ababa atafika.