Pampu ya a Loveness Yafika ku Lisungwi

Jeffrey anafika ku Lisungwi mdima utangogwa, galimoto ili fumbi lokhalokha, makina ophikira khofi atawamanga lamba pampando wakutsogolo ngati mlamu wodwala. Makinawo anali a mkazi wake Loveness. Popita kumsonkhano ku Lilongwe, Loveness anasiya mawu amodzi: “Osawagwira.” Jeffrey anawagwira. Mwini wake ankabwera mawa lake madzulo. Nchifukwa chake munthu wobadwira ku Blantyre anapezeka ataima pakhonde la a Laimoni, mkulu wokonza mijigo, amene mnzake wa ku ofesi analumbira kuti palibe pampu inawakanikapo.

“Odi! Ndinu a Laimoni a mapampu?”

“Ndine. Mjigo wake uli mudzi uti?”

“Ndi uwu ndanyamulawu.”

A Laimoni anaunika ndi tochi. Anayang'ana makina, anayang'ana mlendo, anabwereranso pa makina.

“Mwauzula?”

“Si mjigo, bambo. Ndi makina a khofi. M'katimu muli pampu. Yafooka.”

“Imakoka mamita angati?”

“Chiyani?”

“Madzi. Imawatenga pansi mamita angati?”

Jeffrey analoza kathanki kakumbuyo kwa makinawo. A Laimoni anavundukula, anapisamo chala, anachitulutsa.

“Chala chimodzi ndi theka. Ndiye yafookeranji? Wa ku Luwani umakoka mamita makumi anayi, koma sunadandaulepo.”

Analowa m'nyumba. Jeffrey anaika makina patebulo, analumikiza kumagetsi, anadikira kuti atenthe. Anadzaza kasefa, anakamanga, anadina batani. Makina anayamba kung'ung'udza.

“Onani kamuvi aka. Kakuyenera kufika pa naini. Kakuthera pa thuu. Ndiye onani khofiyo. Akungoti chuu, ngati madzi otsukira mbale.”

“Madzi akutuluka?”

“Akutuluka.”

“Msanga?”

“Msanga kwambiri! Vuto lake ndi limenelo.”

A Laimoni anakoka mpando, anakhala bwinobwino.

“Zaka makumi awiri ndikukonza mijigo, bambo. Munthu wodandaula kuti madzi akutuluka msanga ndamuona lero.”

“Akuyenera kutsika pang'onopang'ono. Ngati uchi. Theka la mphindi, kakapu kamodzi.”

“Kakapu aka?” A Laimoni anakanyamula ndi zala ziwiri. “Theka la mphindi? Ndiye mukufuna ndiuwononge.”

“Ndikufuna muukonze!”

“Amatungapo mabanja angati?”

“Munthu mmodzi.”

“Ii, pepani. Enawo anasamuka?”

Jeffrey anadzigwira pachipumi.

“Bambo, tsegulani basi. Ndaonera vidiyo pa foni katatu konse. Ndi pampu.”

A Laimoni anapita kuchipinda, anabwerako ndi sipanala yaitali ngati mkono wa munthu. Jeffrey anakumbatira makina.

“Yaing'ono mulibe?”

“Yaing'ono yake ndi imeneyi. Koma musaope, sindigwira. Sinditsegula mjigo komiti palibe. Wapampando ndani?”

“Kulibe komiti. Ndi chinthu cha m'nyumba mwanga.”

“Mwini wake ndinu?”

“Ndi akazi anga. A Loveness.”

“Basitu, wapampando ndi amenewo. Nanga inu? Mlembi?”

“Ndine mwamuna wawo!”

“Udindo umenewo m'komiti mulibe. Aimbireni, andiuze okha kuti tsegulani.”

“Sakuyenera kudziwa.”

“Wapampando asadziwe?”

“Asadziwe. Akabwera mawa apeze makina ali pamalo pake, akugwira ntchito, ine ndikuwerenga nyuzi. Mukapanda kundithandiza, bambo, banja langa lili pamoto.”

A Laimoni anapukusa mutu.

“Chaka chatha ndinatsegula mjigo ku Matope nditangouzidwa ndi bambo wina wovala taye. Amayi a komiti anandithamangitsa ndi zidebe mpaka kumsewu. Nsapato yanga imodzi ikadali komweko.”

“Ine sindinavale taye.”

“Koma mayankhulidwe ndi omwewo.”

Kenako a Laimoni anadzuka, anatenga chubu chakale cha njinga ndi lumo.

“Chimene ndingachite popanda chilolezo ndi kuuyesa ndili kunja. Mjigo timautseka kukamwa ndi chikhato, n'kupopa, kuti timve ngati ukukankha. Uwu ukuotcha, ndiye chikhato changa ayi.”

Anadula kalabala kozungulira, anakhuthula kasefa kaja, anayalamo kalabalako, anamanga.

“Dinani.”

Jeffrey anadina. Makina anabuula. Kamuvi kananyamuka, kanadutsa pa faifi, kanadutsa pa naini, kanakaima pa leveni kakunjenjemera.

“Zimitsani, angaphulike. Mwaona? Pampu ndi yamoyo. Ikungosowa cholimbana nacho. Kodi mumaikamo chiyani apa?”

“Khofi.”

“Tione.”

Jeffrey anatulutsa kachitini m'chikwama. A Laimoni anathira pang'ono pachikhato, anadonthezapo madzi. Khofi yense anasungunuka pomwepo.

“Uyu si wa m'golosale uyu? Wongotakasa ndi supuni?”

“Khofi ndi khofi.”

“A wapampando amaika ameneyu?”

“Iwo ali ndi wawo wanjere, amapera okha. Ndinamumaliza Lachiwiri.”

“Nanga vuto linayamba liti?”

“Lachitatu. Koma zangochitikira pamodzi.”

“Bambo, pampu ilimbane ndi ndani? Mdani wake akusungunuka iyo isanafike n'komwe.”

“Ndi pampu. Vidiyo yanena.”

“Vidiyoyo ikudziwa kuti munamaliza khofi wa eni ake?”

“Munthu wa pavidiyoyo ndi wa ku Italy! Makinawa amapangidwa kwawo!”

“Ndiye akanabwera yekha, atenge chilolezo, atsegule.”

Jeffrey anapinda manja pachifuwa.

“Sindinayende msewu wonsewu kuti ndidzauzidwe za chitini. Sindichoka pano mpaka mutatsegula.”

“Mphasa ilipo.”

“Ndigona m'galimoto.”

“Chabwino. Foni yanuyo isiyeni pa chaja, ndikuona yatsala pang'ono kufa.”

Kutacha, Jeffrey anadzuka khosi litauma. Pakhonde anapeza makina atapukutidwa mpaka kung'anima, atakulungidwa m'chitenje. A Laimoni anali pambali pake, akutsuka m'kamwa. Mtima wa Jeffrey unati myaa.

“Mwadzuka bwanji, bambo? Ndiye mwatsegula eti?”

“Tadzuka. Sindinatsegule. Koma komiti yakumana.”

“Komiti iti?”

“Foni yanu inalira faifi koloko. Ndinapita kugalimoto, inu mkonono uli pakati. Nditayang'ana, palembedwa kuti Loveness. Ndinati mwayi wake, a wapampando aimba okha.”

Jeffrey anagwira chipilala cha khonde.

“Munayankha?”

“Mwaulemu ndithu.”

“Munawauza chiyani?”

“Lipoti lonse. Kuti mjigo wawo uli kuno ku Lisungwi. Pampu ili bwino, malabala ali bwino, kamuvi kafika pa leveni. Khofi wawo anatha Lachiwiri.”

“Zimenezonso?”

“Anafunsa.”

“Za chitini?”

“Sanafunse. Koma lipoti silisiya chomwe chayambitsa vuto.”

“Mayo ine! Ndiye anati chiyani?”

“Poyamba anangoti zii. Ndinayesa ndi netiweki, mpaka ndinakwera pachulu. Kenako anati sadikiranso basi yamasana, akwera yoyamba. Ndi munthu wodziwa mapampu, mayi amene uja. Anandithokoza kuti sindinatsegule. Akuti mukanatsegula, pepala la kusitolo lokonzetsera ulere likanatha ntchito.”

Jeffrey sanamve zotsalazo. Analanda foni, ananyamula makina ndi chitenje chomwe, anawakhazika pampando, anawamanga lamba. Makiyi anagwa kawiri. Galimoto italira, anatsitsa galasi.

“Ndiye anati tifike kunyumba nthawi yanji?”

A Laimoni analavula madzi, anapukuta pakamwa, anaganiza kaye kuti asalakwitse uthenga.

“Makinawo anati afike isanakwane teni koloko. Za inu sanatchule.”