Njovu inandiikira umboni pa mayeso

Mwaswera bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Chaka chatha ntchito yanga inatsala pang'ono kutha chifukwa cha funso limodzi la mayeso.

Ndimaphunzitsa za mapampu a madzi pa sukulu ina ya ntchito zamanja kufupi ndi Jumbe. Ine zoloweza ndimadana nazo, chifukwa woloweza buku akapeza pampu yafa amangokanda m'mutu. Choncho ndinalemba mayeso oyeza kuganiza, ndipo tinayamba tawayesa pa ophunzira anga kuti tione ngati akuyezadi zimenezo. Funso lina linkati: pampu ikulira bwino koma madzi sakufika mu thanki, uyambira pati?

Ochonga anachokera kutauni ndi mayankho awoawo. Ankafuna wophunzira atchule vavu ndi sefa za pampu. Anga pafupifupi onse analemba kuti ayamba atsata paipi kufunafuna mapazi a njovu. Onsewo anawalakwitsa. Lipoti linati mayesowo ndi opanda pake, ndipo mphunzitsi wake amaphunzitsa nthabwala. Ahedi anandiuza mosapsatira kuti kontrakiti yanga sadzaiwonjezera.

Abale, ndili ndi ana anayi, ndipo m'chigwa muno ntchito sachita kutola. Ndinakwiya, sindibisa. Ngakhale kutchalitchi pemphero langa lonse linali lakuti, "Ambuye, ndionereni."

Kenaka kunabwera Mayi Zulu, mkulu woona za mayeso, kudzatseka nkhaniyo. M'malo mongosaina, anaitana ophunzira mmodzimmodzi kuti afotokoze pakamwa mmene anaganizira. Wina dzina lake Tisa anati, "Madamu, ngati pampu ilira bwino, vuto ili kutsogolo. Kuno chilimwe njovu zimamva fungo ya madzi na kufukula paipi. Nimasulirenji pampu yamoyo?"

Mayiwo anati tiwaperekeze akaone okha pampu ina cha ku Nkwali imene inkalira koma madzi osafika mu thanki. Ndinapita mtima uli m'mwamba, poti njovu sichita kupangana nayo. Tinapeza paipi ili pamtunda, yothyoka, ndowe yaiwisi ya njovu ili pompo. Mayi Zulu ataona zimenezi ananena kuti, "Funso iyi iyeza kuganiza. Yoperewera ni mayankho yathu."

Misozi inatsika pamaso pa ophunzira anga, ndipo sindinachite nayo manyazi. Kontrakiti anaiwonjezera, ndipo yankho la njovu analiika pa mayankho ovomerezeka.

Ndikuthokoza Mulungu. Inu amene anakuweruzani asanakumveni, musaleke kupemphera. Amene ananditumizira mboni ya miyendo inayi, yanunso akuidziwa kumene ili.