Mphepo Inasasula Denga, Tadala Wanga Anapulumuka

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, makamaka inu amayi amene mukuwerenga izi kamwana kosakwana masiku kali pachifuwa. Ine ndine Nangozo, kwathu ndi kumapiri, kumtunda kwa Lizulu m'boma la Ntcheu. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Tadala, amene mafupa ake anafewa ali m'manja mwanga, ine ndikumusamala ndi mtima wonse, osadziwa kuti kasamalidwe komweko ndi kamene kakumumaliza.

Ine si munthu wokhala pansi. Kafunseni pamsika wa Lizulu, akakuuzani kuti Nangozo wa mbatatesi ndi uja amathamangira minibasi isanaime, beseni lili pamutu. Dzuwa linkanditulukira pamsewu n'kundilowera pamsewu pomwepo. Koma pa mimba ya Tadala ndinayamba kutaya magazi msanga, ndipo kuchipatala anandiuza kuti ndisiye zothamangathamanga, ndizipuma. Ndinabindikira m'nyumba, ndikumva magalimoto akulira kumsewu, mtima uli dyokodyoko. Ndi kupuma konseko, mwana anabadwabe miyezi isanakwane, kanthu kokwana m'zikhatho ziwiri. Anamwino anandiphunzitsa kumugoneka pachifuwa, khungu kukhungu, n'kumumanga ndi chitenje, ija amati kangaru. Atayamba kuyamwa bwino anatitulutsa.

Tinafika kumudzi m'nyengo yozizira, ija nkhungu imagona m'mapiri mpaka masana. Apongozi anga, mayi awo a amuna anga, anatilandira ndi misozi. Musawaganizire zoipa, ndi munthu wachikondi. Iwo anataya ana awiri obadwa osakwana masiku, ndipo analumbira kuti mdzukulu uyu yekha sapita. Mukudziwa mwambo wathu: mayi akabereka amakhala m'chikuta, osatuluka m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa. Wa Tadala unali utagwera kuchipatala, koma apongozi anati, "Uyu sanamalize masiku ake m'mimba, ndiye awamalizira m'nyumba muno." Mazenera anatseka ndi masaka a mbatatesi kuti mphepo isalowe. Alendo anawaletsa, poopa anthu otentha, aja akukhalira limodzi m'banja, kuti akagwira mwana amusempha. Ine ndinkangotuluka popita kuchimbudzi, nditafunda bulangete kuyambira kumutu.

Masiku a m'mimba aja anakwana, koma mwana anali adakali wochepa, ndiye apongozi anati tidikire akuleko. Chisanu chinatha, fumbi linabwera, anthu anayamba kusosa m'minda, ife tili mumdima momwemo. Kusikelo tinapitako kamodzi kokha, mwana atakwiriridwa munsalu ngati katundu. Abale, ndinkazungulira m'kachipinda kaja ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinkasesa pamene ndasesa kale. Ndinkasuzumira pakabowo ka saka kuti ndingoona anthu akudutsa, n'kubwerera kukamuyang'ana mwana, n'kupitanso pakabowo.

Kenako thupi langa linayamba kundikana. Msana kuwawa, chiuno kuwawa, miyendo kuphwanya mkati mwenimweni mwa mafupa. Ine amene ndinkasenza thumba la mbatatesi ndekha, ndinafika podzuka pamphasa chogwira khoma. Ulendo wa kusikelo unathera pomwepo, poti njira yathu ndi yotsetsereka ndipo sindikanatha kubereka mwana.

Za ine ndikanapirira, koma Tadala! Ankayamwa ndithu, koma khosi silinkalimba. Kamutu kankangotuluka thukuta ngakhale kukuzizira. Ukamugwira kunkhongo, fupa linkalowa pansi pa chala n'kubwerera, ngati ukusindikiza chitini chopyapyala. Liwombo linali lalikulu, apongozi n'kupaka mankhwala, n'kupakanso, koma ayi ndithu. Polumikizira timanja panatupa, m'nthiti munatuluka timibulu. Ukamunyamula ankalira ngati wamutsina. Ana anzake obadwa naye nthawi imodzi anali atayamba kukhala pansi, wanga ali lobodo pansalu.

Pamudzi anayamba kunong'ona kuti mwana wasemphedwa, bambo ake ayenera kuti akuyenda njira zina. Amuna anga analira pamaso pa mayi awo, mwamuna wamkulu, kulumbira kuti sanachite kanthu. M'nyumba munalowa chidani chopanda mwini. Ine mantha anandigwira, ndipo ndinayamba kuika khutu pamphuno pa mwana kamphindi kalikonse kuti ndimve ngati akupuma. Kupemphera kwabwino kuja, kogwada ndi kupinda manja, kunandikanika. Ndinkangolankhula ndi Mulungu ngati ndikukangana ndi munthu pamsika. Tsiku lina ndinamuuza kuti, "Ambuye, ine chimene chikudya mwanayu sindikuchidziwa. Ngati chili m'nyumba muno, titulutseni, poti ine ndekha ndalephera."

Sindinadziwe kuti atitulutsa bwanji.

Masana ena, mvula yoyamba itayandikira, kumwamba kunada mbali ya ku Mozambiki. Amuna anga anali kudimba. Kunabwera chimphepo chamkuntho, nyumba yonse n'kuyamba kulira, kenako ndinangomva phwaa! Denga lathu la udzu linanyamuka lonse, kukagwera m'munda mwa eni. Ndinagwada pansi nditafungatira mwana, mvula ikutikwapula, ndikukuwa kuti, "Mayo ine, Mulungu mwandimva molakwika!" Ndinaona ngati imfa ija apongozi ankaitsekera panja yalowera pamwamba.

Mvula sinakhalitse. Anthu anathamangira kwathu kudzatola katundu, ndipo pakati pawo panali munthu amene sindikanamuyembekezera, Nachisale. Ameneyu ndi mayi wogulitsa mbatatesi moyandikana nane pamsika, amene tinkalandana makasitomala mpaka kutukwanizana, osapatsana moni chaka chathunthu. Tsikulo anali atabwera ndi lole kudzapikula mbatatesi m'mudzi mwathu, mvula n'kumutsekereza. Atandiona anagwira pakamwa.

"Iwe Nangozo, ndiwe yemwe? Pamsika tikumati unasamukira ku Joni, kani unakwiriridwa wamoyo?"

Ndisanamuyankhe, Tadala anauma m'manja mwanga. Timanja ndi timiyendo tinayamba kugwedezeka tokha, maso atatembenuka. Apongozi anathamanga ndi bulangete lonyowa kuti amubise, akukuwa kuti anthu otentha achoke. Nachisale anawaimirira kutsogolo, nawalankhula mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo.

"Amayi, pepani. Nyumba yobisamo mwana ilibenso denga. Mumubisa kuti? Tiyeni kuchipatala."

Apongozi anayang'ana kumwamba kumene kunali denga, n'kugwetsa bulangete lija. Anthu anandinyamula kundikweza kutsogolo kwa lole, mbatatesi za Nachisale zili theka, zina atazisiya pansi pamatope. Njira yonse mpaka pa boma iye ankakalipira dalaivala kuti athamange, ine ndikungoti Yesu, Yesu.

Kuchipatala anamulandira msanga, namubaya mankhwala, kugwedezeka kuja n'kusiya. Anamutenga magazi, anajambula timanja take, kenako adokotala anandifunsa funso limene linandidabwitsa: "Mayi, inu ndi mwanayu dzuwa munaliona liti?" Anandifotokozera kuti m'thupi mumafunika vitamini D, amene amathandiza mafupa kulimba, ndipo wambiri thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa. Mwana amatenga nkhokwe yake kwa mayi, makamaka m'miyezi yomaliza ya mimba, ndiye wobadwa msanga amabwera nayo yochepa. Ine ndinali nditabindikira kuyambira ndili woyembekezera, choncho ndinalibe woti ndimupatse, ngakhale kudzera m'bere. Kuwawa kwa mafupa anga ndi kufewa kwa mafupa a Tadala anali matenda amodzi. Panalibe wamusempha. Amuna anga, amene anatitsatira pa minibasi matope ali m'miyendo, atamva zimenezi anakhala pansi pakhonde la chipatala n'kubisa nkhope.

Mwana anamupatsa mankhwala odonthezera m'kamwa tsiku ndi tsiku, ine mapilitsi. Anati ndizidya mazira, usipa ndi matemba, ndiziwothera dzuwa manja ndi miyendo zili pamtunda, ndipo mwana azituluka naye panja, kungopewa dzuwa loswa mtengo la masana. Anatinso kumufunditsa ndi kumuika pachifuwa kunali kwabwino, kolakwika kunali mdima ndi kusiya sikelo.

Musaganize kuti zinatha tsiku limodzi. Ine ndi kupupuluma kwangaku ndinkamusindikiza kunkhongo m'mawa uliwonse, ndikudandaula kuti bwanji sakulimba. Koma pang'ono ndi pang'ono thukuta linasiya, kulira kunachepa, khosi linaima. Tsiku limene anakhala pansi yekha ndinaimba nthungululu mpaka anthu anabwera kudzafunsa ngati kuli ukwati. Nanenso miyendo inabwerera. Nachisale ankabwera ndi kausipa m'pepala, akundinyoza kuti ndichire msanga poti pamsika pakusowa wokangana naye.

Amene anandimvetsa chisoni ndi apongozi. Amuna anga atafolera nyumba, ndinawapeza gogoyo akuzula okha masaka aja m'mazenera. M'mawa mwake anayala mphasa pabwalo, natenga mwana m'manja mwanga, n'kukhala naye pamenepo dzuwa likutuluka. Ndinawamva akulankhula chapansipansi, osayang'ana ine, "Anga aja sanalione n'komwe dzuwali." Chimene chinatenga ana awo sitikuchidziwa, ndipo ndinawauza choncho. Tinalira tonse awiri pamphasapo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lopanda ulemu lija. Ndikuthokoza anamwino ndi adokotala, ndiponso mdani wanga Nachisale, amene lero ndimamutcha mchemwali. Inu amene muli ndi kamwana kosakwana masiku, kafunditseni, kakondeni, koma musakatsekere mumdima, ndipo inu eni musamabisale dzuwa. Kusikelo musaleke, ndipo mukaona mutu wofewa kapena timanja totupa, thamangani kuchipatala musanayambe kulozana zala. Ngati mwapemphera koma zinthu zikuoneka ngati zikuipiraipira, musataye mtima. Ine ndinakuwa kuti Mulungu wandimva molakwika, chonsecho anali akundiyankha.

Tadala anachedwa kuyenda, anzake onse anamupitirira. Koma m'mawa wina ndikusankha mbatatesi pakhonde, ndinamva apongozi akundiitana. Nditacheuka ndinaona mwana wanga ataima pakhomo pa nyumba ija, timiyendo tili njenjenje, akuponda kamodzi, kawiri, kulunjika pabwalo. Gogo wake anali atagwira chitseko kuti chisatsekeke.

Ambuye alemekezeke. Ameni.